Hediseti ya Azakhali Ako Ili M'bokosi la Masipanala

Madzimoyo,
Lachinayi masana.

Esinati mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa chigayo, pa benchi ija yothyoka mwendo, ndipo injini ndazimitsa ngakhale pali amayi atatu akudikira ndi matumba awo a chimanga. Adikire. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Lusaka kukayamba sukulu yoyendetsa ndege, ndipo ine ndili ndi mawu amene akukana kutuluka bwino pakamwa. Ndikayamba kulankhula, amayi ako amati ndikukuwa. Iwe ukamayankha umayang'ana kumbali, ndiye ine sindimva, ndiye ndimakuwa koposa, basi nkhani yathera pomwepo. Papepala pano palibe amene andiuze kuti nditsitse mawu.

Nkhani yake ndi ya hediseti imene anakupatsa azakhali ako a Malita, chovala kumakutu chija chokhala ndi kamaiki kutsogolo. A Malita ndi mlongo wanga, ndimawakonda, ndipo pa nkhani ya zitenje ndi sopo wodutsa pa boda ya Mwami palibe angawapose. Koma ndege anaikwerapo liti? Anaipeza pa mulu wa salaula, katundu wogwiritsidwa kale ntchito uja, pa boda pomwepo, pakati pa malamba ndi nsapato za ana, wogulitsa n'kuwauza kuti, "Amayi, izi ndizo amavala mapayiloti." Iwo n'kukhulupirira, n'kuikulunga m'pepala lowala. Masiponji ake ndi ouma, ong'aluka, waya wake womanga ndi tepi. Ndipo iwe, mwana amene unagonjetsa anyamata onse pa masamu, unati, "Atate, ndiyambira yomweyi, ndi yopepuka. Ikavuta ndizibwereka za kusukulu." Mawu amenewo ndinawamva bwino chifukwa amayi ako anandibwerezera m'khutu. Ndinapsa mtima mpaka tiyi ndinamusiya.

Lero m'mawa, iwe uli kwa azakhali ako kumalizitsa tsitsi, ndinalowa m'chipinda mwako n'kuitenga pamwamba pa sutikesi. Inde, ndinaba. Ndinaivala, ndinaliza chigayo, n'kuima pafupi ndi injini. Esinati, ine amene belu la tchalitchi ndimaliona likugwedezeka koma osalimva, ine amene tambala amalira pawindo panga ine ndili mkonono, ndinamva chigayo chonse ngati kumutu kwanga kulibe kanthu. Ngati phokoso likudutsa m'menemo mpaka kufika kwa gonthi, kwa iwe wa makutu amoyo lidzalowa motani? Hediseti imeneyo tsopano ili m'bokosi la masipanala ndipo kiyi ali m'thumba mwanga. Azakhali ako akafuna mlandu abwere kwa ine, iwe usalowepo.

Ukudziwa kuti ndisanakhale wa chigayo ndinagwirapo ntchito ku bwalo la ndege, koma sindinakuuzepo uchitsiru wanga wa kumeneko. Kunali kandege kopopera mankhwala m'minda ikuluikulu ya thonje, ndipo ntchito yanga inali kuthira mafuta ndi mankhwala kakatera, injini ili chilirire, chifukwa nthawi yozimitsa kunalibe. Woyendetsa wake anali a Mwale, omwe aja tinakawaona kutauni chaka chatha, a ndodo aja. Tsiku loyamba anandipatsa zotsekera makutu, zinthu ziwiri zonga makapu zolumikiza ndi chitsulo, n'kunena kuti, "Banda, ichi usavule ndege ikamalira." Ndinavala masiku atatu. Tsiku lachinayi anzanga anayamba kundiseka kuti ndikuoneka ngati mphika wa zigwiriro ziwiri, ndipo nthawi yomweyo panjira ya kumpanda pankadutsa mtsikana wina wopita kumsika ndi dengu la tomato. Ndinazivula n'kuzipachika pa mgolo kuti mtsikanayo aone nkhope yanga yonse. Mtsikanayo ndi amayi ako. Nkhope anaiona, anandikwatiwa, ndipo lero ndi omwewo amene amandikuwira m'khutu tsiku ndi tsiku kuti madzi osamba apola. Choncho ukamasankha hediseti, galasi ulisiye kunja. Ikhale yonyansa, ikhale yobiriwira ngati chule, bola itseke.

Makutu atayamba kundipweteka, sindinabwerere ku zotsekera zija, manyazi. Ndinachita zimene mlimi aliyense wa kuno angachite: ndinathyola thonje m'munda n'kutsendera m'makutu. Tonse tinkatero, tinkati thonje ndi laulere, Mulungu anatipatsa. Phokoso linkadutsa momwemo bwinobwino, koma mtima unkakhala pansi poti m'khutu muli kanthu. Tsiku lina ndinatsendera thonje losachotsa njere. Thonje linatuluka, njere inatsala. Ndinayesa kuikolowola ndi kamtengo ka machesi, kenako ndi waya, ndipo inangopita mkati. Khutu linatupa, linayamba kutuluka mafinya, mpaka kuchipatala anaichotsa ndi kachitsulo ine ndikulira ngati mwana. Khutu lakumanja limenelo silinabwererenso mwakale. Hediseti ya azakhali ako ndi thonje lomwelo, mwana wanga. Imangokunamiza kuti wavala kanthu, ndipo zimenezo n'zoipa kuposa kukhala wosavala, chifukwa wosavala amadziwa kuti athawe.

Za kubwereka nazonso ndinazilawa. Kamodzi kokha a Mwale anandikweza m'ndege ina ya mipando inayi popita kuchigwa, ndipo anandipatsa hediseti ya alendo imene inkakhala pansi pa mpando. Inali itavalidwa ndi mitu yambirimbiri, chitsulo chake chitatambasuka, siponji ya mbali imodzi itaphwa. Uli pansi umaganiza kuti ndege ndi chinthu chofatsa, poti umaiona ikuyandama mwakachetechete kumwamba. M'kati mwa kandege kakang'ono injini ili pamphuno pako penipeni, ndipo pakati pa iwe ndi iyo pali kachitsulo kopyapyala basi. Phokoso lake limalowa m'mano. A Mwale ankandilozera mtsinje, ankandilozera njovu, milomo yawo ikuyenda, ine n'kumangogwedeza mutu ndi kuseka. Titatera, m'makutu mwanga munali nyenje zikulira. Ndinati zisiya madzulo. Esinati, iwe unabadwa, unakwawa, wamaliza sukulu, ndipo nyenje zimenezo zikulirabe mpaka pano ndikulemba. Hediseti ya aliyense ilibe mwini woisamala. Ukhale ndi yako, ulembepo dzina, ndipo usabwereke munthu ngakhale akhale mnzako wapamtima, chifukwa thukuta ndi zilonda za m'makutu zimayenda momwemo.

Sabata yatha, pamene ndinakuuzani kuti ndikupita kutauni kukagula lamba wa chigayo, lamba ndinaguladi, koma ulendo weniweni unali wa kwa a Mwale. Ndinakawauza kuti mwana wanga akupita kumwamba kumene inu munachokera, ndiuzeni zoti avale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakuwa kuti, "Iwe Banda, zaka zonsezi ndi lero wabwera kudzafunsa za makutu?" Iwo ndi achikulire kuposa ine koma amamva mpaka mphaka akamayenda pakhonde. Anatenga pepala n'kundilembera zonse kuti ndisaphonye kanthu, ndipo pepala limenelo ndaliika m'kalata muno pamodzi ndi dzina la munthu wa ku Lusaka amene amaitanitsa zinthuzi kuchokera ku Joni. Anandiuzanso chinthu chimene chandisowetsa mtendere: woyendetsa ndege amapimidwa makutu kawirikawiri, ndipo makutu akafooka amamulanda chiphaso. Sayang'ana kuti unakhoza bwanji masamu. Ukawononga makutu m'zaka ziwiri zoyambazi, udzabwerera kuno kudzandithandiza kupima chimanga m'ndowa, tonse awiri tikukuwirana. Kodi zimenezo ndi zimene tavutikira?

Choyamba pa pepalalo ndi kutseka. Makapu ake azimeza khutu lonse, osati kukhala pamwamba pa khutu. Zozungulira m'mphepete zikhale zofewa, ndipo a Mwale akuti zabwino ndi zija zokhala ndi timadzi tolimba m'kati, chifukwa zimatsata mmene mutu wako unapangidwira. Ukavala, uyendetse chala kuzungulira khutu lonse, makamaka kumunsi pafupi ndi nsagwada. Chala chikalowa, phokoso lalowa kale. Ndipo usayesere m'chipinda chachete. Chilichonse chimatseka bwino pamene palibe chotseka. Upemphe kuti ukaime nayo pafupi ndi ndege imene ikulira, monga ndachitira ine ndi chigayo lero. Wogulitsa akakana, umusiye ndi katundu wake.

Koma kutseka kokha sikukwanira, ndipo apa napo ndili ndi umboni wa uchitsiru wanga. Nditagula chigayo ichi, amayi ako anaumirira kuti ndigule zotsekera makutu kuti ndipulumutse khutu lakumanzere limene linatsala. Ndinalowa m'sitolo kutauni, ndinavala kamphindi, ndinati zili bwino, ndinatuluka. Ndinkathamangira basi. Tsiku loyamba kuntchito, ola lisanathe, mutu unali ngati waikidwa pa chopanira cha akalipentala. Pamwamba pa mutu panatuluka chotupa. Ndinazipachika pa msomali kuti ndipume pang'ono, ndipo zili pa msomali womwewo mpaka lero, mavu anamangamo nyumba, ukapita ukaone. Chinthu chopweteka munthu amachivula, ndipo chovula sichiteteza. Choncho iweyo upeze mnzako kapena mphunzitsi amene ali ndi mtundu umene ukufunawo, umupemphe uvale ola lathunthu masana dzuwa likuswa mtengo. Uwerenge buku uli chivalire, utafune, utembenuze khosi. Ikayamba kuluma pamwamba pa mutu kapena kukoka khosi, si yako. Usathamangire basi ngati atate ako.

Tsopano tsitsi. Ndikudziwa kuti pano ndiputa mavu, koma ndinena. Masiku awiri athunthu a Malita akhala akukuluka, zingwe zonenepa ngati chala changa chachikulu, zina zikudutsa pamwamba pa makutu penipeni, ndipo dzulo ndinaona akukuyesa ndolo zazikulu zolendewera. Ndikudziwa mwambo wake. Mwana wamkazi akamachoka pakhomo amachoka atakongola, kuti kumene akupitako asanene kuti wachokera kwa anthu osasamala. Sindikutsutsa, wakongoladi, ndinachita kukuyang'ana kawiri. Koma hediseti ikakhala pa zingwe zimenezo idzakhala ngati chivundikiro pa poto wodzaza ndi zisononkho, mipata mbali zonse. Ndinayesa kuwauza azakhali ako, anangondikupiza dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, inu za tsitsi mukudziwapo chiyani, dazi lili pamenepo?" Chabwino, za tsitsi sindidziwa. Za phokoso ndikudziwa kuposa munthu aliyense m'mudzi muno. Upite nalo, ukafike nalo, ukajambulitse chithunzi utumize kuti a Malita apachike pakhoma. Koma lisanafike tsiku lokwera ndege, umasule, uluke lathyathyathya lopita kumbuyo, makutu akhale poyera. Ndolo uzivula. Magalasi a dzuwa ugule a timiyendo topyapyala, chifukwa onenepa amatukula siponji n'kutsegula njira. Ndipo poyesa hediseti uyese ndi tsitsi limene uzidzauluka nalo, osati la pa chithunzi.

Kamaiki nako uyang'anitsitse. Kazikhala pafupi ndi milomo, kongotsala pang'ono kukhudza, ndipo kandodo kake kakhale koti ukakapinda kakhala pomwepo, osati kogwa khosi ngati nkhuku ya chitopa. A Mwale akuti kabwino kamatola mawu ako n'kusiya phokoso la injini, ndiye uyese ndi munthu wina akumvetsera, umufunse ngati akumva iwe kapena akumva ndege. Uonenso mapulagi. Ya ndege zimene ukaphunzirire imakhala ndi awiri, wonenepa ndi woonda. Ya pulagi mmodzi wamkulu ndi ya helikoputa. Ya azakhali ako ili ndi kamodzi kakang'ono ngati ka wailesi ya makaseti, moti sindikudziwa kuti ukanakalowetsa pati. Mwina m'thumba la malaya.

Kwabwera zina zatsopano zokhala ndi batire, zimene akuti zimapha phokoso ndi magetsi. Ine mutu wanga sukugwira kuti magetsi angaphe bwanji phokoso, koma a Mwale anavalapo ya mlendo wina ndipo akuti injini imachita ngati yasamukira kumudzi wina. Ukaipeza ndipo ukaikwanitsa, sindikukuletsa. Koma ufunse funso limodzi: batire ikatha m'mwamba, chimatsala n'chiyani? Uizimitse uli chivalire, umve ngati ikutsekabe payokha. Ife mabatire a kuno timawadziwa, ugula lero, mkuja uli kuwayanika padzuwa pa denga kuti wailesi ilankhuleko nkhani za madzulo. Kumwamba kulibe denga loyanikapo. Ngati ikudalira batire yokha, utenge yachikale yolemera ija imene sidalira kanthu. Ndipo m'thumba muzikhala timasiponji tija tolowetsa m'makutu, togula ku famase, osati thonje la m'munda. Wamva? Osati thonje.

Ndikudziwa chifukwa chake unavomera ya azakhali ako. Si kupusa, ngakhale ndinapsa mtima tsiku lija. Unaona kuti ife tafinyika kale ndi sukuluyi, sunafune kutisenzetsa china, komanso sunafune kukhumudwitsa a Malita amene anaikulunga ndi manja awo. Mtima umenewo unatengera amayi ako. Koma ng'ombe ija yothyoka nyanga ndinagulitsa kuti ugule hediseti yatsopano basi, ndipo ndalama zimene zinatulukapo amayi ako asokerera m'kati mwa chikwama chako chakuda. Si za nsapato, si za diresi, si zobwereka mnzako amene wafedwa. Ukadzabwera pa Khirisimasi ubwere nayo hediseti imeneyo, ndidzaivala m'chigayo muno. Ndikadzamva injini, ubwerera nayo kwa wogulitsa.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndicho chandikhazika pa benchi ino. A Mwale akuti m'ndege muli lamulo lakuti anthu a pansanja yolondolera ndege akakuuza kanthu, umabwereza zimene wamva, ndipo ngati sunamve umanena kuti abwerezenso. Palibe manyazi. Woyendetsa ndege amene amavomera asanamve amapha anthu. Ndikukupempha, ngakhale mphunzitsi akhale wolusa, ngakhale anyamata a m'kalasi akuseke kuti mtsikana wa ku Chipata samva Chingerezi, usadzavomere chinthu chimene sichinalowe m'khutu mwako. Ukaona kuti wayamba kufunsa kawirikawiri, kapena ukatera n'kumva nyenje, usadikire kuti zisiya madzulo. Uone masiponji, usinthe, upite akakupime. Kugwedeza mutu kumayamba pang'onopang'ono, ndipo n'kokoma, chifukwa anthu amasiya kukuvutitsa.

Ine ndakhala ndikugwedeza mutu zaka zambiri, ndipo wonamizidwa kwambiri ndiwe. Uli wamng'ono unkabwera kuchokera kusukulu n'kuima pakhomo la chigayo kundifotokozera za tsiku lonse, manja akuuluka, ine n'kumati, "Eya, eya, wachita bwino." Sindinkamva. Tsiku limene unawerenga mawu kutchalitchi koyamba, anthu anandigwira dzanja panja kuti mwana wanu ali ndi mawu okoma, ine n'kuvomera ngati ndikudziwa. Tsiku limene kalata ya sukuluyi inafika, unathamanga kuchokera kumsewu ukulira ndi kuseka nthawi imodzi, unalankhula, unalankhula, ine ndinati, "Chabwino, mwana wanga," ndili ndi mantha kuti mwina kwagwa maliro. Ndinadziwa kuti wasankhidwa pamene amayi ako anandikuwira kukhitchini. Mawu ako enieni amene ndimawakumbuka bwino ndi a kamwana ka zaka zisanu. A mtsikana wamkulu uyu ndimangowaona pamilomo.

Lamulungu lapitali titachoka ku Misa, amayi ako atatsogola, unandiimitsa pansi pa mtengo wa mango wa panjira. Unagwada, unagwira dzanja langa, unaweramitsa mutu mwaulemu monga tinakuphunzitsira, ndipo unalankhula nthawi yaitali motsitsa mawu. Misozi inagwera pa nsapato yanga. Milomo yako sindinkaiona chifukwa unali utawerama. Utamaliza unadzutsa mutu kudikira yankho, ine ndinati, "Zikomo, mwana wanga, ndamva." Unamwetulira, tinapita kunyumba.

Ndinanama, Esinati. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Panalibe wina pafupi woti andibwerezere, ndipo masiku anayi onsewa ndakhala ndikuyenda nazo, osadziwa ngati unandithokoza, ngati unandipempha kanthu, kapena ngati unandiuza kuti ukuchita mantha. Ngati linali pempho, ndinavomera chinthu chimene sindikuchidziwa. Ngati anali mantha, ndinakusiya nawo wekha.

Mawa pa basi padzakhala phokoso ndi azakhali ako, kulankhulana sikudzatheka. Usavutike kuyimba foni ku positi ofesi, ndidzangogwira chitsulo kukhutu n'kumagwedeza mutu. Ukafika, ukagule hediseti, umasule tsitsi, kenako ukhale pansi undilembere zonse zimene unanena pansi pa mtengo uja, osasiyako. Ndikupempha monga amapemphera anthu a ntchito yako: sindinamve, bwerezanso.

Amayi aja ayamba kugogoda pa chitseko, ndikuona malata akugwedezeka. Ndikalize chigayo.

Ndine atate ako,
Banda wa pa chigayo.